Buku Limene Norma Sanandionetse

Mng'ono wanga Norma anayamba kulemba mabuku atapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Tonse pa banja tinkati alemba za maluwa kapena za ana a sukulu amene anawaphunzitsa zaka makumi atatu. Iye analemba za mkazi amene ankapeza makalata opanda dzina pansi pa chitseko chake. Kenako analemba za namwino amene ankalondoledwa ndi munthu kuchokera ku ntchito. Mabukuwo anayenda malonda. Azimayi ankawawerenga m'basi mpaka kupitirira potsikira, ndipo wina anamuuza Norma mu msika kuti anapsereza nyemba chifukwa cha iye.

Ine ndine Fresia, wamkulu kwa iye ndi zaka zinayi. Ndine telala. Ndili ndi kachipinda kutsogolo kwa nyumba yathu pa phiri la Barón, muno mu Valparaíso, momwe ndimafupikitsa mathalauza ndi kusintha mazipi. Mabuku atatu oyamba anadzera m'kachipinda kameneko asanapite kosindikiza. Norma ankabwera ndi mapepala m'katoni ya nsapato, nkuwaika pa makina anga osokera.

“Werenga, koma usandiphunzitse ntchito,” ankatero.

Ine ndinkawerenga ndi pensulo yofiira m'manja. Ndinkamuuza kuti basi imene waitchulayo sidutsa ku Playa Ancha, ndi kuti mpeni sungabisidwe mu mpendero wa siketi chifukwa siketiyo ingalendewere mbali imodzi, aliyense nkuona. Iye ankanyinyirika, nkunditchula kuti wapolisi wa singano, koma ankakakonza.

Mwamuna wanga Osvaldo sawerenga mabuku a mlamu wake. Anayesa loyamba, anafika tsamba la makumi awiri, nkulitseka.

“Munthu ndagwira ntchito pa doko zaka zonsezi, ndaona zinthu zikugwera anthu,” anatero, “ndiye ndizidzipatsanso mantha ndili pa mpando panga? Mlamu wangayu nkhope ngati mlongo wa ku tchalitchi, koma m'mutumu muli zigawenga.”

Za buku lachinayi ndinamvera kwa kasitomala. Mayi Gladys anabweretsa thalauza la amuna awo Lachiwiri m'mawa, ndipo pofunafuna m'chikwama anatulutsa buku lachikuto chotuwa.

“Fresia, m'bale wakoyu atipha. Ili ndiye laposa onse. Koma iwe unaliwerenga kale, usandiuze mathero.”

Ndinaseka, nkunena kuti pakamwa panga ndasoka. Koma ndinali ndisanalionepo. Pa chikuto panali chithunzi cha masitepe aatali okwera phiri, ndi mthunzi wa munthu pansi pake. Mayi Gladys atatuluka ndinakhala pansi. Masitepewo ndinawadziwa.

Masana omwewo ndinatsikira m'tauni kukagula langa. Sindinafune kumupempha Norma.

Tili ana tinkakhala pamwamba pa phiri lomweli, m'nyumba ya malata ya zipinda ziwiri. Bambo ankayenda ndi sitima za m'nyanja, ankabwera kawiri kapena katatu pa chaka. Mayi ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Sukulu inali m'munsi, ndipo pobwerera tinkakwera masitepe zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi, opanikizika pakati pa makoma a nyumba. Ntchito yanga inali kukwera ndi Norma, kumugwira dzanja. Iye anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ine khumi ndi zitatu.

Koma chaka chimenecho mnzanga Nancy kwawo anagula wailesi yaikulu. Tikaweruka, ine ndinkamuuza Norma kuti, “Tsogola, ndikupeza,” nkukhotera kwa Nancy kukaphunzira kuvina. Ndinkafika kunyumba mayi asanabwereko kokapereka zovala, choncho sankadziwa.

Ndi nthawi imeneyo pamene mwamuna wina anayamba kuima pansi pa masitepe. Ankavala jekete yotuwa ndi chipewa. Norma akayamba kukwera, naye ankayamba. Norma akaima, naye ankaima. Sanamukhudzepo. Ankangoimba mluzu, nyimbo imodzimodzi, akubwera m'mbuyo. Zinachitika miyezi itatu. Tsiku lina anamutchula dzina.

Norma anauza mayi. Mayi anatembenukira kwa ine, ali ndi simbi m'manja.

“Iwe umakwera naye tsiku lililonse. Munthu ameneyu unamuonapo?”

Ndikanati ndivomere kuti sindikudziwa, zikanaululika kuti ndimamusiya yekha. Ndinati, “Palibe munthu, mayi. Akungopeka.”

Mayi anamukalipira Norma kuti asiye kunamizira anthu. Kuyambira pamenepo mwana uja anayamba kukodzera pabedi, nkusiya kudya bwino. Anakula, anaphunzira, anakwatiwa, mwamuna wake anamwalira, ndipo mpaka lero mu lesitilanti sakhala chofulatira khomo. Nkhaniyo sitinaikambeponso. Tinkakamba zina zonse: amuna, matenda, ana, mitengo ya nsomba. Tinkaimbirana foni tsiku ndi tsiku. Koma imeneyo ayi.

Bukulo ndinaliwerenga masiku awiri, makina ali chete. Osvaldo ankandibweretsera tiyi nkundiyang'ana.

“Nkhalamba yanga, wadwala?”

“Ndikuwerenga.”

“Ndi zomwe ndikunenazo.”

Zonse zinalimo. Jekete yotuwa, mluzu, fungo la mkodzo wa amphaka pa masitepe, khoma lobiriwira pamene mwanayo ankaima kuti apume. Mtsikanayo anamutcha Lucila. Theka lachiwiri linali la Lucila atakula, akumva mluzu womwewo m'misewu ya Santiago, osadziwa ngati ndi zoona kapena ndi mutu wake. Chinali cholembedwa bwino kuposa ena onse, ndipo ndinanyadira.

Tsamba lililonse ndinkayembekezera kukumana ndi ine mwini. Ndinkati, apa ndiye atuluka mkulu wake wabodza uja. Ndinali wokonzeka kumenyedwa. Koma ndinafika tsamba lomaliza osadzipeza. Lucila anabadwa yekha. Analibe mkulu, analibe mlongo. Ankakwera masitepe yekha chifukwa panalibe wina woti akwere naye.

Zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Lachisanu ndinapita kwa Norma nthawi ya tiyi wa madzulo, monga mwa masiku onse. Amakhala m'nyumba ya m'mwamba, pafupi ndi bwalo la O'Higgins. Ndinagula buledi wotentha pa njira. Iye anali ataphwanya kale mapeyala ndi mchere ndi mafuta pang'ono. Ndinaika bukulo pa tebulo pakati pa makapu.

Analiyang'ana, nkupitiriza kuthira tiyi.

“Wagula? Ndikanakupatsa laulere, wolemera iwe.”

“Bwanji sunandionetse?”

“Ukanapeza zolakwika.”

“Mulibe cholakwika ngakhale chimodzi. Kupatula choti mwanayu analibe mkulu wake.”

Norma anapaka mapeyala pa buledi mosafulumira.

“Ndinakulembamo,” anatero. “Katatu konse. Ulendo uliwonse ndikamawerenganso, ndinkapeza kuti owerenga amuiwala mwamuna uja, azidana ndi iwe. Ndiye ndinaganiza za Gladys ndi anzake akubweretsa mathalauza kwa iwe akukuyang'ana cham'mbali. Ndinakuchotsa. Unali mwana, Fresia. Unkafuna kuvina.”

Ndinati pepa. Ndi liwu laling'ono, koma linanditengera zaka makumi asanu ndi zinayi. Iye anangogwedeza mutu nkundikankhira mbale, ngati nkhani yatha.

Ikanatha pomwepo. Koma panali china.

“M'bukumu walemba kuti munthuyo anangosiya kubwera,” ndinatero. “Kuti tsiku lina sanaoneke, ndipo palibe akudziwa chifukwa chake.”

“Ndi mmene zinalili.”

“Si mmene zinalili.”

Ndinamuuza. Patatha sabata nditanama kwa mayi, mtima sunandipatse mtendere. Tsiku lina ndinanamizira kupita kwa Nancy, koma ndinabisala kuseri kwa ngolo ya wogulitsa makala. Ndinamuona Norma akuyamba kukwera, chikwama atachikumbatira pa chifuwa. Ndinamuonanso mwamunayo akutaya ndudu yake nkumutsatira. Kwa mayi sindikanapita. Ndinathamangira kwa doña Berta, amene anali ndi malo ophikira buledi pa kona. Ndinawauza ndikulira. Iwo anapukuta manja pa epuloni, nkunena kuti, “Pita kwanu, mwana. Mawa ukwere naye m'bale wako, mudzere njira ya chikepe.” Anandipatsa ndalama ya chikepe, kangolo ka pa njanji kokweza anthu pa phiri. Mawa lake tinadzeradi kumeneko. Ndinangomva kwa anthu kuti azimayi anamudikirira munthuyo pa masitepe, ndipo sanabwerenso.

Norma anali atasiya kutafuna.

“Tsiku limene unandikweza chikepe lija,” anatero pang'onopang'ono. “Unati watola ndalama.”

“Inde.”

“Ndiye unamuona. Unadziwa kuti alipodi.”

“Inde.”

“Ndipo unadziwa kuti anamuthamangitsa.”

“Ndikanakuuza, ndikanayenera kuvomera kuti ndinanama. Kenako zaka zinapita, ndinkati unaiwala.”

Anaika kapu pansi mofatsa kwambiri.

“Ine moyo wanga wonse ndinkaganiza kuti anangotopa nane, ndipo tsiku lina adzabweranso. Nthawi zina ndinkaganiza kuti mwina mayi ankanena zoona, ndinachita kumupeka. Pa zaka khumi ndi zitatu unali mwana, ndavomera. Koma pa makumi atatu sunali mwana. Pa makumi asanu sunali mwana.”

Anandikankhira buledi.

“Pita kwanu, Fresia. Tenga buledi wotsalayu, Osvaldo akadye.”

Masiku asanu ndi anayi foni sinalire. Ndinasoka madiresi awiri a ukwati ndi makatani a sukulu ya mkaka. Osvaldo, amene ndinamufotokozera zonse, sananene zambiri. Anangoti, “Munthu amene wakupatsa buledi pokuthamangitsa sanakutaye,” nkupita kukathirira tomato wake wa m'zitini. Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Norma ndimamudziwa: akakwiya amakolopa nyumba yonse, amatsuka mawindo, kenako amamva njala.

Tsiku lakhumi, cha m'ma teni koloko m'mawa, foni inalira.

“Doña Berta anali ndi mwana wamkazi,” anatero Norma, osapereka ndi moni womwe. “Wamtali, wa mano otalikirana. Ali moyo?”

“Yolanda? Ndinamva kuti ali ku Quilpué.”

“Mufufuze. Ndiwe wapolisi.”

Sizinavute. Kasitomala wanga wina ndi msuweni wa mpongozi wake. Lamlungu lotsatira tinakwera sitima ya pamtunda, Norma pa windo, ine pambali pake, tili ndi keke ya mandimu pa miyendo. Tinakamba za bondo lake ndi za mdzukulu wanga amene wadzilemba chithunzi cha nsomba pa mkono. Zina sitinakhudze.

Yolanda tinamupeza pa khonde, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri, wonenepa, ali ndi ndodo ndi agalu awiri okalamba. Anatizindikira tisanadzitchule.

“Ana a Señora Elba! Wamkulu ndi uyu, ankayenda ngati akumva nyimbo. Iwe ndiwe kakang'ono kaja kowonda. Khalani, khalani. Agaluwa alibe mano, musaope.”

Norma atamufunsa za mwamuna wa pa masitepe, Yolanda anamenya ndodo pansi nkuseka.

“Evaristo! Ndingamuiwale bwanji? Chidebe ndinanyamula ndine.”

“Ndani?” anafunsa Norma.

“Evaristo. Ankagulitsa m'sitolo ya nsapato kumunsi kuja. Ankachita lendi kachipinda kwa mayi wina wamasiye pafupi ndi msika.”

“Dzina lake linali Evaristo?”

“Nanga ukufuna likhale ndani?”

Yolanda anafotokoza, manja ali m'mwamba. Amayi ake anasonkhanitsa azimayi asanu. Awiri anabisala pamwamba pa masitepe, atatu pansi. Doña Berta anatenga thabwa lalitali lotulutsira buledi mu uvuni. Wina anatenga tsache, wina lamba wa mwamuna wake. Yolanda, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anapatsidwa chidebe cha madzi otsukira nsomba a dzulo lake. Munthuyo anafika pa nthawi yake, anadikira, ndipo poona kuti mwana sakubwera anakwera pang'ono kuti asuzumire. Apo ndi pamene anamutsekera mbali zonse.

“Amayi anamufunsa kuti, ‘Bambo, mwataya chiyani pa masitepe athu?’ Iye akuti, ‘Ndikungopitidwa mphepo, mayi.’ Amayi akuti, ‘Mphepo ndi iyi.’ Phwa! Thabwa la pa msana. Ine ndinathira chidebe chonse, theka linagwera Señora Chela, mmodzi wa azimayiwo, sanandilankhule mwezi wathunthu. Munthu uja analira ngati mbuzi. Anatsika masitepe atatuatatu, nsapato imodzi anaisiya pomwepo. Wogulitsa nsapato, kuthawa ndi nsapato imodzi!”

Norma anayamba kuseka. Poyamba pang'ono, atagwira pakamwa, kenako mpaka anawerama, misozi ikutsika, agalu nkudzuka kumuyang'ana. Sindikudziwa pamene kuseka kunathera ndi pamene kulira kunayambira. Yolanda anangomusisita pa msana ndi dzanja lake lalikulu, osafunsa.

“Evaristo,” anatero Norma atapeza mpweya. “M'buku langa ndinamusiya wopanda dzina kuti aziopsa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuopa Evaristo.”

“Anathera kuti?” ndinafunsa ine.

“Sabata yomweyo ananyamuka, anapita kwa mlongo wake ku Antofagasta. Mwini nyumba ndi amene anauza amayi. Anafa kalekale, chifuwa. Ine ndinali ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri pamene tinamva.”

Kenako Yolanda anasiya kuseka. Anati amayi ake anakhulupirira msanga chifukwa chaka cham'mbuyo mwake munthu yemweyo anachita chimodzimodzi kwa Rosita, msuweni wa Yolandayo, ndipo nthawi imeneyo akuluakulu anati mwanayo ali ndi maloto oipa chabe. Doña Berta zinkawadya mumtima.

“Ndiye mkulu wakoyu atabwera akulira, mamina mpaka pachibwano, amayi anati ulendo uno ayi.”

Norma anandiyang'ana. Anafunsa za Rosita. Yolanda anati ali ku Sweden, ali ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri, amatumiza zithunzi za chipale chofewa ngati ife tinachipempha. Norma analemba nambala yake kuseri kwa tikiti ya sitima.

Tinadya keke. Yolanda anatulutsa vinyo wotsekemera amene anati ndi wa alendo olemekezeka okha, ndipo popeza olemekezeka sabwera, timwe ife. Anatiuza amene anamwalira ndi amene ali moyo pa phiri lathu lakale, amene anathawa ndi mkazi wa mwini, amene analowa chipembedzo chatsopano. Norma anamupatsa buku, koma iye anati maso ake saonanso zilembo zing'onozing'ono.

“Undiwerengere wekha. Koma ngati mulibe amayi anga ndi thabwa lawo, ndiye ndi buku la bodza.”

“Mulibe,” anatero Norma. “Wina anachedwa kundiuza.”

Pobwerera sitima inali yodzaza ndi anthu ochokera kokacheza kwa abale. Tinapeza malo awiri moyang'anana. Tili pakati pa njira Norma anandigunda bondo ndi chikwama chake.

“Usaganize kuti ndakukhululukira zonse.”

“Sindikuganiza choncho.”

“Theka. Linalo tidzaona.”

“Theka landikwanira.”

“Koma unaliradi mpaka mamina?”

“Yolanda amakokomeza.”

“Sakokomeza. Ndimakudziwa ukamalira, umaoneka ngati nkhosa.”

Mayi wina amene anakhala pambali pathu anaseka, kenako anapepesa. Norma anamuuza kuti asapepese, ndi zoona, ndipo anayamba kucheza naye za mtengo wa mapeyala mpaka tinafika pa siteshoni ya Barón.

Norma anamuimbira Rosita Lachitatu lake. Analankhula maola awiri, azimayi awiri amene sanaonanepo chikulire. Zimene anakambirana sanandiuze, ndipo sindinafunse. Ndikungodziwa kuti Rosita akubwera mu Januwale kudzaona abale, ndipo wanena kuti tidzamutengere kokadya nsomba yokazinga ku gombe la Portales, chifukwa kumene aliko nsomba amaidya yozizira ndi shuga. Yolanda wati abwera nawo ngati Osvaldo angakamutenge pa galimoto. Osvaldo wavomera, koma wati iye adzakhala tebulo lina, azimayi anayi otere sangawathe.